Dokotala wa diso limodzi amene analemekeza gaga

Mu Lusaka muno thumba la unga limaulula zambili za mwini wake. Onani cabe kumapeto kwa mwezi pa City Market kapena pa Kulima Tower. Amene wagula breakfast amaliika poonekela, kondakita akamalikweza m'basi iye ali nga-nga-nga. Amene wagula rola amakhala monga afuna kupepesa kwa anthu onse. Tinazolowela kuti unga woyela mbee ni wa munthu amene zinthu zikumuyendela, rola ni wa masiku ovuta, ndipo mgaiwa wa kucigayo ni wa kumudzi. Lelo ndifuna ndikuuzeni za dokotala wina wacizungu amene anamwalila mu 1993, amene anatha zaka zake zothela akuuza azungu anzake kuti pa nkhani ya cakudya, agogo athu a kumudzi ndiwo anali kucita bwino. Dzina lake ni Denis Burkitt. Manesi ndi madokotala onse a pa UTH amalidziwa dzinali, koma pa cifukwa cina, cimene tifikepo.

Denis anabadwa pa 28 February 1911 ku Enniskillen, kumpoto kwa cisumbu ca Ireland. Atate ake, a James Burkitt, anali injiniya woyang'anila miseu ndi milatho m'cigawo ca Fermanagh, koma mtima wao unali pa mbalame. Anali kugwila tumbalame tochedwa robin m'munda wa pakhomo, kutuveka tumphete kumiyendo, kututaya, ndiyeno kulemba pa mapu pamene kalikonse kakhala, pamene kathela malile ake, ndi zaka zimene kakhala ndi moyo. Anali mmodzi wa anthu oyamba kutsata mbalame imodziimodzi mwa njila imeneyi. Anansi mwina anali kuona monga mkulu wasowa cocita. Mwana anali kupenyelela.

Ali ndi zaka 11, anyamata anali kuponyelana miyala kusukulu. Mwala unaphwanya magalasi ake, ndipo diso lakumanja linawonongekelatu mpaka analicotsa. M'kalasi sanali wa nambala wani. Mu 1929 analowa Trinity College ku Dublin kuti akhale injiniya monga atate ake, koma sizinamuyendele, ndipo atapemphela ndi kuganizila, anasintha n'kuyamba za udokotala. Anatsiliza mu 1935, ndipo mu 1938 anapambana mayeso a madokotala a opaleshoni ku Edinburgh. Anafuna kubwela ku Africa, kumene m'bale wa atate ake anali kale dokotala ku Nairobi, koma ofesi ya atsamunda inamukana. Ati munthu wa diso limodzi angang'ambe bwanji anthu? Nkhondo yaciwili ndiyo inamutsegulila citseko. Analowa usilikali monga dokotala mu 1941, anakwatila nesi wina dzina lake Olive mu 1943, ndipo anamutumiza ku Kenya ndi ku Somaliland. Nkhondo itatha, aja anamukana analibenso cokamba. Mu 1946 anayamba nchito ku Uganda, poyamba ku Lira, pambuyo pake pa cipatala cacikulu ca Mulago ku Kampala.

Mu 1957 dokotala mnzao, a Hugh Trowell, anaitana a Burkitt kuti aone kamnyamata ka zaka 5 kamene nsagwada zake zinatupa mbali zonse, kumwamba ndi kunsi, mano akugwedela. Palibe cimene akanacita. Anakajambula cithunzi, ndipo mwanayo anamwalila. Patapita masabata ocepa, ali pa cipatala ca ku Jinja, anaona mwana wina wotupa cimodzimodzi, ndipo uyu anali ndi zotupa zina m'mimba. Apa m'pamene ndimaona kusiyana kwa anthu. Madokotala ambili anaonapo ana otele zaka zambili m'mbuyomo. Wotupa nsagwada anali kulembedwa kuti ali ndi matenda a nsagwada, wotupa mimba matenda a impso, wotuluka diso matenda a diso. A Burkitt anabwelela ku Mulago, nafukula mafailo akale, ndipo anaona kuti zonsezi zingakhale matenda amodzi. Mu 1958 analemba lipoti la ana 38 m'magazini ya madokotala a opaleshoni ku Britain. Anthu sanalilabadile kwenikweni.

Apa mwana wa munthu wa mbalame uja anatulukila. Anapatsidwa mapaundi 25 cabe, ndipo anasindikiza tumapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwalawo, natumiza pa positi ku zipatala za boma ndi za mishoni mu Africa yense, ndi funso limodzi: kodi matenda aya mumawaona kwanu? Yankho lililonse anali kulibaya ndi pini pa mapu a pakhoma. Mapini anayala lamba wodutsa pakati pa Africa, kucokela kumadzulo mpaka kum'mawa, ndi mcila wotsika m'mbali mwa nyanja kulowela ku Mozambique.

Koma lambayo anathela pati kweni-kweni, ndipo cifukwa ciani? Mu October 1961 ananyamuka ku Kampala ndi anzao awili, Dr Ted Williams wa pa mishoni amene anali kudziwanso kukonza injini, ndi Dr Cliff Nelson wa ku Canada. Motoka yao inali Ford yakale, imene ndikhulupilila kuti olo ngwangwazi wa pa Lumumba akanaikaikila. Anayenda masabata 10, makilomita pafupifupi 16,000, nalowa m'zipatala zopitilila 50. Anatsika kudzela ku Tanganyika, anadutsa dziko lathu lino likali kuchedwa Northern Rhodesia, anafika ku Nyasaland, ku Mozambique, mpaka ku Johannesburg, n'kubwelela. Paliponse anali kuonetsa zithunzi ndi kupempha mabuku olembamo odwala. Inu amene mumadandaula ndi mseu wa kwanu kukomboni mvula ikagwa, ganizilani miseu ya 1961.

Cimene anapeza n'cakuti matendawa sanali kutsata mtundu wa anthu kapena malile a dziko. Anali kutsata kutentha. Anali ofala m'zigwa za mitsinje ndi m'mbali mwa nyanja, koma osowa kumapili kozizila. Ulendo wina wa ku West Africa unaonjezela cinthu caciwili, mvula: kumalo ouma kwambili matendawa anali ocepa. Malo otentha, a mvula yambili, ndani amakonda kumeneko? Udzudzu. Poyamba anaganiza kuti udzudzu umanyamula kacilombo koyambitsa khansa. Pambuyo pake zinadziwika kuti nkhani ni malungo, amene akamagwila mwana mobwelezabweleza amafooketsa ndi kusokoneza citetezo ca thupi.

Kacilombo nako kanalipo, koma kanapezeka mwa njila ina. Mu March 1961 a Burkitt anakamba nkhani ku Middlesex Hospital ku London, ndipo pakati pa omvela panali wasayansi wina, Anthony Epstein. Uyu anapempha kuti azimutumizila tuzidutswa twa zotupazo. A Burkitt sanaumile, olo kuti ena amabisa zimene apeza kuti dzina likhale lao okha. Anali kutumiza pa ndeke ya usiku yocokela ku Uganda. Kwa zaka pafupifupi zitatu Epstein sanapeze kanthu. Mu December 1963 ndeke ina inalephela kutela ku London cifukwa ca nkhungu, inapita ku Manchester, ndipo katundu anafika mocedwa, madzi ake atacita mbuu monga aonongeka. Epstein m'malo motaya anayang'ana pa maikulosikopu, napeza kuti ni maselo a cotupa amene anasungunuka paulendo ndipo akali amoyo. Maselo amenewo ndiwo anakula m'labu, ndipo mu 1964 iye, Yvonne Barr ndi Bert Achong anaonamo vailasi imene lelo ichedwa Epstein-Barr. Inali vailasi yoyamba kupezeka kuti imakhudzana ndi khansa ya anthu. Musacite mantha: akulu oposa 9 mwa 10 padziko lonse ali nayo m'thupi ndipo ambili siiwavuta.

Koma makolo a ana aja sanali kufuna mapu. Anali kufuna mankhwala. Ku Uganda kunalibe makina owochela khansa, ndipo a Burkitt anasandutsa kusowa kumeneku kukhala mfundo yopemphela. Anauza makampani opanga mankhwala kuti kumeneko ndiko angaone bwino mphamvu ya mankhwala paokha, ndipo anapatsidwa kwaulele methotrexate ndi cyclophosphamide. Ana ena zotupa zinaphwa m'masabata ocepa, ena atalandila mankhwala kamodzi kapena kawili cabe, ndipo ena anacililatu. Iyi inakhala imodzi mwa khansa zoyamba kucizika ndi mankhwala okha.

Apa ndiime pang'ono, cifukwa khansa iyi, imene manje ichedwa Burkitt lymphoma, ikalipo pakati pathu. Imakula mothamanga kwambili, cotupa cingawilikize kawili m'tsiku limodzi kapena awili. Mwana akatupa tsaya kapena nsagwada, mano akayamba kugwedela popanda cifukwa, diso likayamba kutuluka, kapena mimba ikafufuma ndi kulimba, musataye masabata mukuzula dzino kapena kufunafuna amene wamulodza. Pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo ndipo pemphani kuti amupime bwino. Tili ndi Cancer Diseases Hospital pafupi ndi UTH kuyambila 2007. Ndipo neti ya udzudzu ija ni yogonamo ana, si yochingila nkhuku kapena dimba la lepu.

Cina cimene cimandikhala pamtima n'cakuti matenda anatenga dzina la munthu mmodzi, pamene nchito inagwilidwa ndi manja ambili. A Burkitt anali wanchito wa boma la atsamunda, ndipo m'masiku amenewo dzina la mzungu ndilo linali kukwela pa pepala. Manesi ndi makalaliki akuda amene analemba mabuku aja mokhulupilika caka ndi caka, sitiwadziwa. Amai amene anabeleka ana kumbuyo mitunda italiitali kufika ku Mulago, sitiwadziwa. Mwa amene tiwadziwa, tichule Dr Sebastian Kyalwazi wa ku Uganda amene anagwila nao nchito, ndi Dr Victor Ngu wa ku Cameroon amene anaciza ana otele ku Ibadan, ndipo mu 1972 analandila mphoto ya Lasker pamodzi ndi a Burkitt ndi ena. Kukamba cilungamo, a Burkitt eni ake sanali kudzitama. Anali kudziona monga dokotala wamba wa kuchile amene anangoyang'anitsitsa, ndipo anali kuyamikila kawilikawili madokotala a m'zipatala za mishoni amene anali kuyankha makalata ao.

Mu 1966, ali ndi zaka 55, anacoka ku Uganda n'kukakhala ku England. Munthu wina akanapumula ndi dzina lake lochuka. Iwo anakumana ndi dokotala wa asilikali a pamadzi, a Peter Cleave, amene pa nthawi ya nkhondo anali kupatsa asilikali a m'sitima gaga wa tiligu kuti asamadzimbidwe. A Cleave anali kukhulupilila kuti matenda ambili a azungu amacokela ku shuga ndi fulawa yoyela. A Burkitt anakumbukila zaka 20 zimene anang'amba anthu ku Uganda. Ni kangati anacotsa apendikisi mwa munthu wa kumudzi? Ni kangati anaona khansa ya m'matumbo aakulu, kapena miyala ya mu ndulu? Mwa kamodzikamodzi. Koma ku London mawadi anali odzala ndi matenda amenewa. Analembelanso anzao a m'zipatala za kumidzi, ndipo mayankho anagwilizana ndi zimene anakumbukila.

Pamene a Cleave analoza cimene caonjezedwa m'cakudya, a Burkitt ndi a Trowell analoza cimene cacotsedwamo. Ni cija azungu amati faiba: gaga wa cimanga ndi tiligu, makoko a nyemba, mitsitsi ya m'ndiwo zamasamba ndi zipatso, zimene mimba siigaya koma zimafika m'matumbo aakulu, kusunga madzi, kufewetsa cimbudzi, ndi kudyetsa tuzilombo tothandiza tumene tumakhala mmenemo.

Manje pepani amene mukuwelenga uku mukudya citumbuwa. Kuti atsimikize, a Burkitt ndi anzao, Alec Walker wa ku Johannesburg ndi Neil Painter wa ku London, anayamba kupima cimbudzi ca anthu pa sikelo. Anali kumwetsanso anthu tumapulasitiki tung'onotung'ono kuti aone maola amene tutenge kuti tutuluke. Lipoti lao la 1972 linaonetsa kuti munthu wa kumudzi mu Africa anali kutulutsa cimbudzi colemela kuwilikiza katatu kapena kanai kuposa Mngelezi, ndipo cakudya cinali kudutsa m'thupi mwake pa tsiku limodzi ndi theka, pamene mwa Mngelezi cinali kutenga masiku atatu, mwa okalamba ena kuposa apo. Pa misonkhano ya madokotala ovala masuti, mkulu uyu anali kuonetsa pakhoma zithunzi za cimbudzi zimene anajambula yekha m'thengo. Anthu anali kuseka, koma sanali kuiwala. Analinso ndi cithunzi ca madokotala awili akukolopa pansi mwakhama pamene pompi ikali yotsegula, madzi akusefukila mu sinki. Buku lao la 1979, Don't Forget Fibre in Your Diet, linagulidwa kwambili m'maiko ambili.

Kodi zonse anakamba zinali zoona? Iyai. Anakankhila matenda ambili pa cinthu cimodzi, mpaka mitsempha yotupa ya m'miyendo. Anthu a kumidzi aja analinso kuyenda mitunda, kulima, kudya nyama ndi mafuta pang'ono, ndipo ambili sanali kufika pa msinkhu umene khansa ya m'matumbo imakonda. Kufufuza kwina kwa m'ma 2000 kunaonetsa kuti kungothila gaga pamwamba pa cakudya ca masiku onse sikucita zozizwitsa. Koma tsinde la nkhani yao linaima. Kufufuza kwakukulu kumene kunatuluka mu The Lancet mu 2019 kunapeza kuti anthu amene amadya faiba yambili amadwala mocepa matenda a mtima, sitiloko, shuga ndi khansa ya m'matumbo. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu 25 a faiba kapena kuposa pa tsiku, ndi magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso.

Cimene cimandiwawa n'cakuti a Burkitt anacenjeza kuti anthu a mu Africa akasamukila m'matauni n'kuyamba kudya cizungu, matenda a cizungu adzawatsata. Ndife amenewo. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa 2017 anapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa 5 m'Zambia ali ndi BP yokwela, ndipo 9 mwa 10 sadya masamba ndi zipatso zokwanila. Pogaya breakfast, gaga ndi kamtima ka cimanga zimacotsedwa pafupifupi zonse. Mu rola zimatsalako. Mu mgaiwa zonse zilimo. Gaga uja timagulitsa kwa oweta nkhuku ndi nkhumba, ndipo apamwamba amapita ku mall kukagula gaga wina wa m'bokosi pa mtengo wa thumba la makala. Nanga si zodabwitsa?

Sindikamba izi monga munthu wosadziwa umoyo wa mu tauni. Amene amanyamuka ku Kanyama kapena ku Chawama 05:00 n'kubwelela 20:00 amadya cimene cafika pa windo ya basi, ndipo kawilikawili ni bansi na softi. Nyemba zimadya malasha, ndipo malasha ni ndalama. Koma pa siteshoni pomwepo pali amai ogulitsa kandolo wophika, cimanga cowocha, tute na nshawa, magwava, masuku ndi mango pa nyengo yake. Nyemba zikagona m'madzi usiku zimapsa msanga. Cibwabwa, bondwe, kalembula, delele ndi impwa zikali zochipa kuposa soseji pa Soweto Market. Ngati ana akana rola, sakanizani ndi breakfast poyamba, lilime limazolowela. Ndipo mukaonjezela zakudya izi, muzimwa madzi, apo ayi mimba idzakudandaulani.

Komanso tisanamizane kuti kumudzi kunali paladaiso. Kafukufuku wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 osakwana zaka 5 m'dziko lino ni opinimbila. Kamwana kakang'ono sikangakule ndi phala la gaga lokha, kafunika nshawa zosinja, dzila, kapenta, mafuta pang'ono. Cimanga kapena nshawa zocita cuku nazo ni poizoni wa ciwindi, olo zikhale za kumunda kwa ambuye anu.

Pa maulendo onsewa panali munthu amene anali kutsala pakhomo. Mai Olive, amene anasiya kwao n'kutsata amuna awo ku Uganda nkhondo itangotha, ndiwo analela ana awo atatu aakazi pamene atate anali m'miseu ya fumbi masabata 10, ndipo pambuyo pake m'ndeke za ku America. A Burkitt anali Mkhristu wolimba wosabisa cikhulupililo cake, ndipo pofotokoza za umoyo wao anali kuika Mulungu, makolo ndi akazi awo patsogolo pa nzelu zao. Za atate awo anali kuzikumbukila ndi ulemu waukulu, ndipo amene analemba mbili yao amagwilizana kuti mapu a mapini aja anabadwila m'munda wa tumbalame ku Fermanagh. Diso limodzi lija silinawaletse kujambula zithunzi masauzande ambili zimene anali kuphunzitsila ena.

Anapitiliza kuyenda ndi kuphunzitsa mpaka atapitilila zaka 80. Mu 1972 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, ndipo mu 1992 analandila mphoto ya Bower ku Philadelphia. Anadwala sitiloko n'kumwalila pa 23 March 1993 ku Gloucester, ali ndi zaka 82, atakhala m'banja ndi mai Olive zaka pafupifupi 50. Anaikidwa m'mudzi wa Bisley kumene anali kukhala. Atate awo, a James, anali atamwalila kale mu 1959, caka cimodzi pambuyo pa lipoti lija la ana 38, madokotala asanayambe kuchula matendawo ndi dzina la banja lao.